Pamene Yunivesite Inasamukira mu Foni

 Lero tikambirana za akulu anu ndi alongo anu amene anali pa Yunivesite ya Zambia ndi m'makoleji ena a mu Lusaka m'chaka cha 2020, pamene mliri wa COVID-19 unatseketsa masukulu onse m'dziko muno. Ambiri a inu ana munali aang'ono pa nthawiyo, ndipo ena munali musanayambe ndi giredi 1 yomwe. Koma aphunzitsi anu akukumbukira bwino, ndipo ngati kwanu ndi ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku Kalingalinga, ku Mtendere kapena ku George, mwina m'nyumba yoyandikana ndi yanu muli munthu amene zimenezi zinamugwera.

Pa 18 Marichi 2020, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka ndi matendawa mu Zambia. Patangopita masiku awiri, Lachisanu pa 20 Marichi, masukulu, makoleji ndi mayunivesite anatsekedwa. Ophunzira anamanga katundu wawo nabwerera kwawo, atauzidwa kuti maphunziro apitirira, koma apitirira pa intaneti.

Tiyambe tamvetsa tanthauzo la mawu amenewa. Kuphunzira pa intaneti kuli ndi njira ziwiri zazikulu. Njira yoyamba ndi yakuti mphunzitsi amaika zolemba zake, mafunso ndi ntchito pa malo ena a pa intaneti, ndipo ophunzira amakatenga pa nthawi imene angathe. Pa Yunivesite ya Zambia malo oterewa anali Moodle. Muwayerekeze ndi kabati ya mphunzitsi imene wophunzira aliyense ali ndi kiyi wake. Njira yachiwiri ndi yakuti mphunzitsi amalankhula ali kunyumba kwake, ndipo mawu ndi chithunzi chake zimadutsa pa nsanja za makampani a mafoni n'kufika kwa ophunzira nthawi yomweyo, kudzera pa Zoom kapena Google Meet. Imeneyi ikufanana ndi kalasi yeniyeni: ukachedwa, zakupita.

Kwa womva kumene, zimenezi zikumveka zokoma ndithu. Palibe kulipira minibasi, palibe kudzuka m'mamawa, palibe kulimbirana mpando. Nanga vuto linali pati?

Kuti tiyankhe, tiyeni tione kaye zimene yunivesite imapatsa munthu kuwonjezera pa mphunzitsi. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo nyumba zake zazikulu zili m'mbali mwa msewu wa Great East. Komboni ya Kalingalinga yangoyandikana nayo, kotero kuti ophunzira ambiri osowa malo ogona pasukulupo amachita lendi tizipinda kumeneko, n'kumayenda wapansi m'mawa uliwonse. Mkati mwa mpanda wa yunivesite, mwana wa bwana wa kampani ndi mwana wa mayi wogulitsa tomato pa msika wa Soweto amakhala pa benchi limodzi. Nyali imene ikuunikira mmodzi ikuunikiranso mnzake. Laibulale ndi ya onse, tebulo ndi la amene wafika msanga, intaneti ya pasukulu sifunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji. Ine mwini kompyuta ndinaigwira koyamba ndili pa yunivesite, nditaima pa mzere kudikira kuti mnzanga achoke pampando. Zinthu zonsezi panalibe amene ankaziwerengera, pakuti zinalipo tsiku ndi tsiku. Chipata chitatsekedwa, wophunzira aliyense anatsala ndi zokhazo zimene nyumba ya kwawo inali nazo. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu.

Tsono tiyerekeze mtsikana wa ku Kanyama, woyamba m'banja lake kufika pa yunivesite. Kwawo ndi nyumba ya zipinda ziwiri, mokhala anthu asanu ndi awiri. Lolemba pa 9 koloko m'mawa ali ndi phunziro pa Zoom. Kodi akusowa chiyani kuti alimve?

Poyamba akusowa chipangizo. Bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, la ZICTA, linachita kafukufuku mu 2018, ndipo linapeza kuti mwa mabanja 100 alionse mu Zambia, pafupifupi 8 okha ndi amene anali ndi kompyuta, ndiponso kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 14 okha ndi amene ankagwiritsa ntchito intaneti. Motero kwa ophunzira ambiri a m'makomboni, yunivesite yonse inalowa m'kafoni ka m'manja. Pomvera mphunzitsi foni imathandiza. Koma tayesani kuganiza za kulemba nkhani ya masamba khumi ndi zala zazikulu ziwiri pa kagalasi kochepa kuposa dzanja lanu, kapena kuwerenga masamu aatali amene mphunzitsi walemba pa bolodi, manambala ake akuoneka ngati nyerere. Ophunzira za uinjiniya ndi za sayansi anali pa vuto loposa, chifukwa ntchito zina zimafuna kompyuta yeniyeni, ndipo zina zimafuna kugwira zida ndi manja mu labotale. Kugula kompyuta m'chaka chimenecho kunali kovuta, pakuti makompyuta amachokera kunja, ndipo kwacha inagwa kwambiri: kumayambiriro kwa 2020 dola imodzi ya ku America inali pafupifupi K14, koma pofika kumapeto kwa chakacho inali itafika cha ku K21. Ndiponso m'mabanja ena foni yabwino inali imodzi yokha, ndipo mayi akamapita nayo ku msika kukalandirira ndalama za makasitomala, ndiye kuti kalasi yapita nawo ku msika komweko.

Foni ikapezeka, pamafunika bandulo. Ana inu a ku Kanyama ndi ku George mukudziwa bwino za kugula madzi pa mpope wolipira. Mumalipira chigubu chimodzi, ndipo chikatha mumafunika kulipiranso. Intaneti ya pa foni imagulidwa chimodzimodzi, kaya ndi ku MTN, ku Airtel kapena ku Zamtel. Muyeso wake ndi megabaiti, ndipo mamegabaiti pafupifupi 1,000 amapanga gigabaiti imodzi. Koma zinthu zimene timalandira sizimwa madziwa mofanana. Mawu olembedwa amamwa pang'ono zedi, moti buku lathunthu lopanda zithunzi lingathe kukwana mu megabaiti imodzi kapena ziwiri. Mawu olankhulidwa amamwa kwambiriko, mwina mamegabaiti makumi angapo pa ola. Kanema ndiye chidakwa: ola limodzi lokha lingathe kumwa theka la gigabaiti, kapenanso kuposa pamenepo. Kunena mwachidule, zolembedwa zimamwa ndi kapu, mawu amamwa ndi ndowa, kanema amamwa ndi dilamu. Tsono wophunzira amene ali ndi maphunziro atatu kapena anayi a kanema pa tsiku, masiku asanu pa sabata, muwerengere nokha madilamu amene akufunika. Kuwonjezera apo, bandulo ili ndi nthawi yake. Ya tsiku limodzi imatha tsikulo likatha, ngakhale mwini wake sanaimalize.

Ndalama zogulira mabandulo zinkachokera kuti? Ophunzira ambiri a m'mayunivesite a boma amaphunzira ndi ngongole ya ku bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board. Kale ngongoleyo inali ndi kandalama ka chakudya, kamene ambiri ankapatulako pogula zina zofunika. Boma linachotsa ndalama imeneyi mu 2019, ndipo inabwezeretsedwa mu 2023, kutanthauza kuti mliri unafika pa nthawi imene m'matumba mwa ophunzira munali mopanda kanthu. Makolo nawonso anali pa mavuto awo. Mabala anatsekedwa, malonda odutsa m'malire a dziko anachepa, ena ogwira ntchito m'nyumba za anthu anauzidwa kuti ayambe akhala kwawo. M'nyumba imene ufa umagulidwa tsiku ndi tsiku m'kapepala kaja timakatcha pamela, mwana akapempha ya bandulo ndiye kuti akupempha nsima ya madzulo. Ndipo mwana wanzeru, wodziwa zimenezi, nthawi zambiri sapempha n'komwe. Ena ankagula mabandulo otsika mtengo a usiku, n'kumadzuka pakati pa usiku kutsitsa zolemba ndi maphunziro ojambulidwa, onse m'nyumba ali m'tulo.

Tinene kuti mtsikana wathu wapeza foni, wagulanso bandulo. Chatsala ndi magetsi, amene kuno timawatcha malaiti. Apa aphunzitsi mungatsegule mapu. Mbali yaikulu ya magetsi a Zambia imapangidwa ndi mphamvu ya madzi, makamaka pa damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi ndi ku Kafue Gorge. Zambezi amayambira kumpoto chakumadzulo kwa dziko lathu, nadutsa mu Angola, nabwereranso mu Zambia asanafike ku Kariba. Mvula ya nyengo ya 2018 mpaka 2019 inagwa yochepa, madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo kampani ya ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthanitsa madera. Chakumapeto kwa 2019 madera ambiri a Lusaka ankakhala maola oposa khumi pa tsiku opanda magetsi, ndipo kuzimazima kunapitirira mu 2020. Taonani mmene zinthu zimalumikizirana: mvula imene inakana kugwa kutali, kumtunda kwa Zambezi, inadzazimitsa phunziro la wophunzira wa ku Chawama.

Foni ikamaonetsa kanema imatha moto msanga, mwina m'maola awiri kapena atatu. Magetsi akazima m'bandakucha, pofika masana foni yafa, ndipo mwini wake ayenera kupita nayo kwa wometa tsitsi kapena pa kantemba kamene kali ndi jenereta kapena sola, kukalipiranso kuti ailowetse moto. Nazo nsanja za mafoni zimayendera magetsi. Zili ndi mabatire ndi majenereta, koma magetsi akazima nthawi yaitali netiweki imafooka m'madera ena, ndipo pamene pali anthu ambiri ogwiritsa ntchito nsanja imodzi, monga m'makomboni, mawu a mphunzitsi amafika modukaduka.

Tsopano tifike pa chinthu chimene sichigulidwa pa sitolo, ndicho malo achete. Makomboni athu ali ndi mbiri yake. Pamene Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, atsamunda sanaikonze kuti mabanja ambiri a anthu akuda akhazikikemo. Matero anamangidwa ndi akuluakulu a mzinda m'zaka za m'ma 1950, koma madera ena monga Kanyama, George, Chawama ndi Kalingalinga anakula okha, anthu akumanga pamene apeza mpata pafupi ndi ntchito. Lamulo la 1974 ndi limene linatsegula njira yoti madera otere avomerezedwe ndi kukonzedwa, ndipo George ndi Chawama anali m'gulu la oyamba kukonzedwa ndi thandizo la World Bank. Komabe kuthithikana kunatsala. Pa puloti imodzi pamakhala mabanja angapo. Uku wailesi ikulira, uku wowotcherera zitsulo ali pa ntchito, uku ana akusewera, ndipo kumbukirani kuti anawo nawonso anali pakhomo tsiku lonse chifukwa masukulu awo anali otsekedwa. Ophunzira ambiri ankazimitsa kamera ndi cholankhulira, ena pofuna kusunga bandulo, ena pochita manyazi kuti anzawo aone m'kati mwa nyumba yawo. Wophunzira wozimitsa zonse amangokhala dzina pa galasi la mphunzitsi. Kaya wamva, kaya sanamve, kaya wachokapo, palibe amene akudziwa.

Kwa atsikana katunduyu analemera kawiri. Mtsikana akakhala pa yunivesite, aliyense amadziwa kuti ali kusukulu. Akakhala pakhomo, ali pakhomo basi: madzi akufunika, mbaula ikufuna kukolezedwa, mwana akulira, mbale zili mbwee. Sindikuimba mlandu makolo ayi. Kholo limene silinaonepo phunziro la pa intaneti likaona mwana wamkulu atakhala pansi maola awiri akuyang'ana foni, tizingwe tili m'makutu, limaona ulesi. Ndani analifotokozera kuti pamenepo mwanayo ali m'kalasi?

Pali vuto linanso limene anthu salitchula kawirikawiri, ndilo la chilankhulo. Maphunziro a pa yunivesite amachitika m'Chingerezi, pamene ophunzira ambiri a m'makomboni anakula akulankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chisoli kapena zilankhulo zina za kuno. M'kalasi yeniyeni wophunzira amathandizidwa ndi nkhope ya mphunzitsi, manja ake, ndi zimene akuloza pa bolodi. Koposa zonse amathandizidwa ndi anzake. Phunziro likatha amakhala pansi pa mtengo kapena m'mbali mwa madamu a Goma pa yunivesitepo, wina n'kufunsa kuti, "Anzanga, paja amati chiyani?" ndipo mnzake amamufotokozera m'chilankhulo cha kwawo mpaka zitalowa. Kalasi yachiwiri imeneyi sinalembedwe pa ndandanda ya maphunziro, komatu ndi imene yaolotsa ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mliri unaitseka pamodzi ndi yoyamba ija. Ndiponso taganizani izi: netiweki ikamadula mawu amodzi pa mawu asanu alionse, munthu amene anakula akumva Chingerezi pakhomo amatha kulota mawu osowawo. Amene Chingerezi anachipeza kusukulu kokha amataya chiganizo chonse.

Zonsezi zinkakumana pa tsiku la mayeso. Mayeso ena a pa intaneti amakhala ndi nthawi yoikika, ndipo ikakwana kompyuta imatseka yokha. Kompyuta sidziwa kuti ku Mtendere magetsi azima, sidziwa kuti bandulo yathera pa funso lachitatu. Kulephera phunziro limodzi kungachititse munthu kubwereza, ndipo kubwereza kumafuna ndalama zina ndi nthawi ina, pamene banja lonse likuwerenga miyezi yoti mwana wawo amalize, apeze ntchito, ayambe kulipirira ang'ono ake. Kwa banja lotere digiri ndi munda wa onse.

Musaganize kuti zimenezi zinachitika kwathu kokha. Ngakhale m'mayiko olemera, ana a eni nthaka, amene makolo awo analipo atsamunda asanafike, anakumana nazo. Ku United States ophunzira ena a mtundu wa Navajo ankayenda mitunda italiitali kukaima pafupi ndi sukulu kapena nyumba ya boma kuti apeze intaneti, chifukwa m'nyumba zambiri za kwawo munalibe, ndipo zina zinalibe ndi magetsi omwe. Ku Australia ndi ku Canada ophunzira ochokera m'midzi yakutali ya eni nthaka anavutikanso ndi netiweki yofooka ndi nyumba zodzaza anthu.

Nanga ophunzira athu anangokhala manja lende? Iyayi. Magulu a pa WhatsApp anasanduka mthunzi wa mtengo uja. Amene anali ndi intaneti yabwino ankatsitsa zolemba n'kutumizira anzake. Wina ankamvera phunziro lonse, kenaka n'kujambula mawu ake akulifotokoza mwachidule m'Chinyanja kapena m'Chibemba. Oyandikana nyumba ankasonkherana ya bandulo imodzi n'kumvera pa foni imodzi. Aphunzitsi ena a pa yunivesite, ataona kuti theka la kalasi silikuoneka, anasiya kanema nayamba kutumiza mawu okha ndi zolemba, zimene wophunzira angatsitse usiku n'kumvera kawiri kapena katatu. M'kuona kwanga amenewa ndi amene anachita mwanzeru, pakuti anasankha kapu ndi ndowa m'malo mwa dilamu.

Pano mundilole ndinenereko ntchito yathu. Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si chinthu chachilendo mu Zambia. Yunivesite ya Zambia inayamba kuphunzitsa anthu kudzera m'makalata a pa positi m'zaka zake zoyambirira zenizeni, ndipo aphunzitsi ambiri a kumidzi anapeza madigiri awo motero. M'chaka cha 2000 nthambi ya maphunziro a pa wailesi inayambitsa pulogalamu ya Taonga Market, yophunzitsa ana amene analibe malo m'masukulu. Ndipo mu Epulo 2020 Unduna wa Maphunziro unatsegula maphunziro a ana a sukulu pa wailesi ya kanema ya ZNBC TV4. Wailesi simwa bandulo, mabatire ake amakhalitsa, ndipo imodzi imakwanira anthu khumi. Chilema chake timachidziwa: simungaikwezere dzanja kuti ibwereze, ndipo singaphunzitse maphunziro mazanamazana a pa yunivesite, lililonse ndi kagulu kake. Koma phunziro limene ife a wailesi tinaliphunzira kalekale ndi lakuti musanakonze pulogalamu, yambani mwafunsa chimene womvera ali nacho m'nyumba mwake. Funso limeneli mu Marichi 2020 panalibe nthawi yolifunsa.

Makalasi olemba mayeso, a giredi 7, 9 ndi 12, anatsegulidwa pa 1 Juni 2020, ndipo ena onse anabwerera mu Seputembala. Mu Juni 2021 matendawa atakulanso, masukulu anatsekedwa kachiwiri. Ndipo COVID-19 si mliri wokha umene watsekapo masukulu athu. Kolera, amene amavutitsa kwambiri madera osefukira madzi monga Kanyama, anachedwetsa kutsegulira kwa masukulu mu Januwale 2018, ndipo mu 2024 ana anakhala pakhomo mpaka pa 12 Febuluwale chifukwa cha matenda omwewo. M'chaka chomwecho cha 2024 chilala chinazimitsa magetsi nthawi yaitali kuposa mu 2019. Choncho inu amene muli mu giredi 5 kapena 6 lero, musadabwe ngati tsiku lina nanunso mudzauzidwa kuti phunziro lili pa foni.

Aphunzitsi, nayi ntchito ya sabata ino. Funsani ana anu kuti ndi nyumba zingati zimene zili ndi wailesi, zingati zili ndi wailesi ya kanema, zingati zili ndi foni yolowa pa intaneti, ndipo foniyo masana imakhala ndi yani. Mayankho alembedwe pa timapepala topanda maina, kuti pasakhale wochita manyazi. Muwawerenge pamodzi ndi anawo, mujambule tebulo pa bolodi, ndipo likhale phunziro la masamu. Pepala la zotsatirazo mulisunge mu ofesi ya a hedi, chifukwa tsiku limene sukulu idzatsekedwe mwadzidzidzi lidzakuuzani ana amene mungawafikire pa foni ndi amene ayenera kupita kwawo ndi ntchito yolembedwa pa pepala.

Inu ana, ngati kwanu kapena pafupi nanu pali munthu amene anali pa koleji kapena pa yunivesite mu 2020, mukamufunse mwaulemu mafunso atatu awa: ankamvera maphunziro ali pati, foni yake ankailowetsa moto kuti, ndipo ndani anamuthandiza pamene zinavuta. Mukalembe mayankho ake m'ziganizo zisanu, m'Chinyanja, ndipo mubwere nawo kwa aphunzitsi anu Lolemba.